Sikelo ya pakhomo la tchalitchi ku Autun

Mlimi wa kwa Msakambewa akapita ndi thumba la soya kwa venda, sayang'ana manambala okha. Diso lina limakhala pa dzanja la mwini sikelo, poti kilo imasowa thumba lili chipachikire. Wodziwa nkhawa imeneyi sangavutike kumva zimene zinasemedwa cha m'ma 1130 pamwamba pa khomo la tchalitchi chachikulu cha Lazaro Woyera ku Autun, m'dziko la France.

Pamwalapo pali chiweruzo cha tsiku lomaliza. Yesu wakhala pakati, wamkulu kuposa onse. Kumanzere kwake mngelo Mikayeli akuyeza mizimu pa sikelo ya mbale ziwiri, pamene chiwanda choonda, nthiti pamtunda, kukamwa yasa, chakakamira mbali inayo kuti ilemere. Chikoke bwanji, sikelo yapendekerabe kwa mngelo, ndipo timizimu tamantha tabisala m'mkanjo wake. M'munsi akufa akutuluka m'manda, wina wagwidwa mutu ndi zimanja ziwiri zopanda thupi. Kunsi kwa mapazi a Yesu kuli dzina la Gislebertus, amene ambiri amati ndiye mmisiri wake.

Olowa pakhomopo ambiri anali alimi osadziwa kuwerenga, Misa nayo inali m'Chilatini. Koma msika ankaudziwa, kuberedwa pa sikelo ankakudziwa, ndipo mmisiri anawagwirira pomwepo: kuli sikelo ina imene ngakhale mdyerekezi sangaipusitse. Ine ndimati ulaliki umenewu unkalowa msanga kuposa wa paguwa. Oyera nawo ankadziwika ndi chimene anyamula, wa makiyi ndi Petulo, wa lupanga ndi Paulo. Zosema zambiri za nthawiyo zinali zopaka utoto wowala. Kutuwa kwa lero n'kwa mvula ndi zaka.

Mu 1766 ansembe a tchalitchicho anaona zosema za pakhomopo ngati zachikale zosakongola, nazimata pulasitala. Mutu wa Yesu unkatulukira kunja, ndiye anangougumula. Kumatako n'kumene kunazipulumutsa, chifukwa pa chipwirikiti cha French Revolution ophwanya mafano sanazione. Zinavundukulidwa mu 1837, mutu unabwezedwa mu 1948.

Kuno kwathu, m'tchalitchi cha CCAP ku Kongwe, kumene Robert Blake anayambitsa mishoni mu 1894, zosema za oyera musaziyembekeze. Amishoniwo anali a Dutch Reformed Church, mpingo umene mizu yake ili ku Netherlands, komwe mu 1566 makamu anaphwanya zifaniziro m'matchalitchi potsata lamulo lachiwiri. Kwa iwo guwa ndi Baibulo zinakwana.

Wofuna kuona luso lotere apite ku Mua, m'boma la Dedza. Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni kumeneko mu 1976, ndipo amisiri ake amasema pa mtengo, osati pa mwala. Maria wawo ali ndi nkhope ya mayi wa kuno, ndipo osemawo ndi anthu a m'midzi ya pafupi pomwepo.