Agogo akasiya kudzisamalira, si ukalamba wokha

Mayi amene moyo wake wonse ankalawirira kusesa pabwalo akayamba kutha masiku osasamba, chitenje chomwechomwecho, moto osakoleza, achibale amangoti, "Ndi ukalamba." Kawirikawiri pamakhala matenda, ndipo ndi ochizika.

Madokotala amayamba ayang'ana kufooka kwa thupi. Mu 2001 Linda Fried ndi anzake ku America anatchula zizindikiro zisanu: kuonda popanda chifukwa, kutopa msanga, manja osagwira mwamphamvu, kuyenda pang'onopang'ono ndi kumangokhala. Amene ali ndi zitatu mwa izi amadwala kapena kugwa mosavuta. Amayi ndiwo amakhudzidwa kwambiri, chifukwa akasiya kupita kumwezi mafupa amachepa mphamvu, komanso ambiri amatsala okha amuna awo akamwalira.

Mavutowa amakokana. Mawondo akamaphwanya, kumjigo kumatalika. Madzi akasowa, kuphika ndi kusamba kumaima. Akamadya pang'ono, minofu imatha, miyendo n'kufookerafookera. Ena mkodzo umangotuluka, ndipo chifukwa cha manyazi amasiya kupita kutchalitchi, kumzikiti, ngakhale kumaliro. Apa matenda a kukhumudwa apeza khomo lotsegula, ndipo munthu wokhumudwa saonanso chifukwa chodzisamalira.

Agogo sanganene kuti "ndakhumudwa". Amati thupi lonse likuwawa, tulo sitikubwera, chakudya sichikukoma, mwinanso "bola ndingofa". Izi zikapitirira masabata awiri, apite nawo kuchipatala.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mayi wotereyu, tsitsi lanyankhalala, akuyankhula yekha, ndi amene pamudzi amamuloza chala kuti ndi mfiti. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo bungwe loona za okalamba la MANEPO lakhala likudzudzula nkhanzazi, koma okalamba akumenyedwabe, ena kuphedwa kumene. Wodwala amene amafunika kumutengera madzi osamba tikumuthamangitsa ndi miyala.

Kuchipatala awayeze BP, shuga, magazi ndi maso, poti ng'ala yokha imatha kumutsekera munthu m'nyumba pamene opaleshoni yake ndi yachidule. Kukhumudwa kumachizika ndi uphungu komanso mankhwala. Zikavuta kuli chipatala cha Zomba Mental ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Pakhomo, phala la nsinjiro, nyemba, mazira ndi usipa zimathandiza kubwezera minofu, makamaka ngati agogo akuyendako pang'ono tsiku lililonse. Musangowatumizira chakudya ndi mwana. Khalani pansi mudye nawo, muone ngati akudyadi.