Kodi Wapolisi Ali ndi Mphamvu Yotenga Galimoto Yanu?

Tiyerekeze kuti ndi mbandakucha, ndipo mlimi wapakira madengu a matimati pa galimoto yake, ulendo wa kumsika wa m'tauni. Ali panjira, wapolisi akumuimitsa n'kumuuza kuti atsitse katunduyo chifukwa galimotoyo ikufunika polondola akuba amene atulutsa ng'ombe m'khola usiku womwewo. Mlimiyo akudziwa kuti matimati akakhala padzuwa mpaka masana, thukuta la miyezi itatu lapita pachabe. Akudziwanso kuti ng'ombezo ndi za mnansi wake. Kodi lamulo likuti achite chiyani?

Ambiri tinaziona zotere m'mafilimu a ku America, momwe wapolisi amangoonetsa chiphaso, n'kutsitsa dalaivala, galimoto n'kuliyatsa liwiro. Koma kumidzi ya m'chigawo chathu chino nkhaniyi si yam'kanema. Apolisi ambiri akumidzi alibe galimoto, ndipo kumene ilipo nthawi zina mafuta amasowa. Motero maso amagwera pa lole ya kalabu ya alimi, njinga yamoto ya mlangizi kapena bwato la msodzi.

Udindo wothandiza apolisi

Mfundo yoti nzika ithandize pogwira wolakwa ndi yakale kwambiri. Ku England, lamulo la Winchester la m'chaka cha 1285 linkalamula kuti mfuu ikamveka, anthu a m'deralo atuluke n'kuthamangitsa mbava, monga momwe timachitira kwathu kuno wina akakuwa usiku. Mfundoyi inalowa m'mabuku athu a malamulo pa nthawi ya atsamunda. M'Malawi ndi m'Zambia, malamulo a kayendetsedwe ka milandu amati munthu aliyense ayenera kuthandiza wapolisi amene wapempha thandizo pa zifukwa zomveka, pofuna kugwira woganiziridwa mlandu kapena kuletsa chipolowe. Ku South Africa, ndime 47 ya lamulo la Criminal Procedure Act la 1977 inaika udindowu pa amuna a zaka kuyambira 16 mpaka 60, ndipo kukana popanda chifukwa chokwanira ndi mlandu.

Chofunika kuchizindikira n'chakuti ndime zimenezi zikunena za thandizo la munthu. Sizitchula kuti wapolisi atenge makiyi n'kupita ndi galimoto ya mwini.

Ufulu wa mwini katundu

Mbali inayo kuli malamulo aakulu a dziko. Ndime 28 ya malamulo aakulu a Malawi a 1994 imaletsa kulanda munthu katundu mwachisawawa, ndipo ndime 44 imati boma lingatenge katundu pokhapokha ngati n'zopindulira anthu onse, mwiniwake wadziwitsidwa mokwanira ndiponso wapatsidwa chipukuta misozi choyenera. Chitetezo chofanana nacho chili mu ndime 16 ya malamulo aakulu a Zambia ndi ndime 25 ya malamulo aakulu a South Africa.

Nanga mfundo ziwirizi zikakumana pamsewu zimatha bwanji? Mlandu wina wa ku America ungatiunikire, ngakhale kuti sumanga makhoti athu. M'chaka cha 1871, khoti lalikulu la dzikolo linaweruza nkhani ya Russell, mwini sitima zitatu zapamadzi zimene asilikali anazigwiritsa ntchito pa nkhondo yapachiweniweni. Oweruza anati boma lingatenge katundu wa munthu popanda chilolezo chake pokhapokha ngati ngoziyo ndi yaikulu, yafika kale pakhomo, ndipo palibe njira ina. Ngakhale zitatero, boma liyenera kulipira. Choncho kupulumutsa munthu amene akutaya magazi pa ngozi yapamsewu n'kosiyana ndi kukatenga mboni tsiku la mlandu. Kusowa kwa mafuta ku polisi ndi vuto lenileni, koma pakokha si ngozi yogwa mwadzidzidzi.

Kumene aphungu anafuna kuti boma lizitenga katundu, anachita kulemba momveka. Mwachitsanzo, lamulo la ku Zimbabwe la 1989 loteteza anthu pa nthawi ya zoopsa linapereka mphamvu yotero kwa akuluakulu osankhidwa, pamodzi ndi ufulu wa chipukuta misozi kwa mwini katundu. Tisasokonezenso nkhaniyi ndi kugwira galimoto imene yapezeka ndi katundu wakuba kapena makala opanda chilolezo. Imeneyo imasungidwa ngati umboni, ndipo tsogolo lake amagamula ndi khoti.

Zoyenera kuchita

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mukaimitsidwa, funsani mwaulemu dzina la wapolisiyo, nambala yake, polisi imene akuchokera ndi chifukwa chimene akufunira galimoto. Ngati pali moyo wa munthu woti upulumutsidwe, thandizani msanga. Ndi bwino kuyendetsa nokha, chifukwa kampani ya inshulansi ikhoza kukana kulipira ngati galimoto yawonongeka ili m'manja mwa munthu wina. Ngati akukupemphani kulondola anthu a mfuti, kapena mwanyamula wodwala, ana kapena katundu wosachedwa kuwonongeka, fotokozani zimenezo pamaso pa mboni; lamulo lenilenilo limafuna kuti pempho la wapolisi likhale lomveka.

Akaumirira, musalimbane naye, pakuti kutchinga wapolisi pa ntchito ndi mlandu wina. Lembani nthawi, malo, mtunda umene galimoto yayenda ndi mayina a mboni, ndipo pemphani kuti nkhaniyo ilembedwe m'buku la ku polisi. Mukaona kuti mwalakwiridwa, kadandauleni kwa mkulu wa polisiyo kapena ku bungwe lomva madandaulo okhudza apolisi: Independent Complaints Commission m'Malawi, Police Public Complaints Commission m'Zambia, kapena IPID ku South Africa.

Mlimi wa matimati uja sayenera kusankha pakati pa ng'ombe za mnansi ndi chakudya cha ana ake ali yekha pamsewu. Alangizi, mafumu ndi makomiti achitetezo cha m'midzi angathe kukhala pansi ndi apolisi zinthu zisanavute, n'kugwirizana za galimoto zimene zingapemphedwe pa ngozi, amene adzagule mafuta ndi amene adzakonze zikawonongeka. Mgwirizanowo ulembedwe, ndipo kalabu iliyonse ya alimi isunge kope lake.