MKONO WA ROBOTI: TISANKHE BWANJI?

Kuno kwathu munthu akanena kuti "ndili pa maroboti" timadziwa kuti waima pa mphambano mumzinda, akudikira kuti nyali yofiira izime. Koma roboti imene ndikufuna kukufotokozerani, anzanga, ndi ina. Ameneyu ndi makina ooneka ngati mkono wa munthu, okhala ndi phewa, chigongono ndi zala, amene amagwira ntchito motsatira malangizo olembedwa m'kompyuta. Dzinali linatchuka m'chaka cha 1920 kudzera m'sewero la Karel Čapek, ndipo linachokera ku liwu la chinenero cha kwawo lakuti robota, kutanthauza ntchito yokakamizidwa, monga thangata.

Mkono woyamba kugwira ntchito m'fakitale unali Unimate, umene anaupanga George Devol mothandizana ndi Joseph Engelberger. M'chaka cha 1961 unayamba ntchito pa fakitale ya General Motors ku New Jersey, m'dziko la America, kumene unkatola zitsulo zotentha zongochoka m'chikombole. Lero mikono yotere ilipo yamitundumitundu: ina yaing'ono yoika pa desiki, ina yoposa chitseko kutalika. Funso ndi lakuti: kalabu ya sayansi, kapena mwini fakitale, asankhe uti?

Ine kwathu ndi ku Nkhata Bay, ndipo ndimaona kuti phunziro labwino pa nkhaniyi lili pa doko pathu. Sitima ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland m'chaka cha 1949 n'kuyamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951, ikafika pamakhala chipwirikiti: matumba a chimanga, malata, simenti ndi mitolo ya usipa, zina zotsika, zina zopita ku Likoma ndi ku Chizumulu. Katundu wolemera amakwezedwa ndi kireni. Kireni si roboti ayi, pakuti pamakhala munthu woiyendetsa nthawi zonse. Komabe mafunso amene woyendetsa kireni amadzifunsa ndi omwewo amene wogula mkono wa roboti ayenera kudzifunsa.

Funso loyamba: udzanyamula zolemera bwanji, ndipo patali bwanji? Ziwirizi sizisiyana. Tayesani kugwira ndowa ya madzi pafupi ndi chifuwa, kenaka muitambasulire kutsogolo. Ndowa ndi yomweyo, koma phewa limalira. N'chifukwa chake kireni ikatambasuka kwambiri imanyamula zochepa. Mota zazing'ono zotchedwa servo nazo n'chimodzimodzi. Mota yolembedwa 10 kg-cm ikhoza kugwira kilogalamu imodzi pa mtunda wa masentimita 10, koma pa masentimita 20 imangogwira theka la kilogalamu. Pamenepo muchotserepo kulemera kwa mkono weniweniwo ndi zala zake. Wogula wosadziwa masamu amenewa amagula mkono umene umangonjenjemera osadzutsa kanthu.

Funso lachiwiri: uli ndi mfundo zingati? Mfundo iliyonse imapatsa mkono njira imodzi yotembenukira. Kuti chala chifike pamalo alionse, chitapendekeka mmene mukufunira, pamafunika mfundo 6, ndipo mikono yambiri ya m'mafakitale ili ndi zimenezo. Koma yongochotsa makatoni apa n'kuwasanja apo imakwanira ndi mfundo 4. Mfundo iliyonse yoonjezera ndi mota inanso, ndalama zinanso, ndi malo enanso oti pangawonongeke.

Funso lachitatu: kodi udzabwerera pamalo omwewo nthawi zonse? Apa ndi pamene pagona kusiyana kwa mitengo. Mkono wophunzirira ukhoza kuphonya ndi mamilimita angapo, ndipo palibe amene angadandaule. Koma taonani UR5, mkono wa kampani ya Universal Robots ya ku Denmark umene unayamba kugulitsidwa mu 2008: umanyamula makilogalamu 5, umafika masentimita 85, ndipo pobwerera pamalo suphonya kuposa gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Mikono yotere imapangidwa kuti igwire usana ndi usiku kwa zaka. Ilipo yoposa pamenepa: kampani ya FANUC ya ku Japan ili ndi mkono wonyamula makilogalamu 2,300. M'mafakitale a magalimoto a ku South Africa, monga ya BMW ku Rosslyn ndi ya Toyota ku Durban, mikono ikuluikulu ndi imene imawotcherera matupi a magalimoto.

Funso lachinayi ndi lofunika koposa kwa ife Amalawi: ukawonongeka adzaukonza ndani? Walira mvula walira matope. Mkono waukulu umafuna magetsi amphamvu ndiponso osathimathima, maziko a konkire, mafuta ake, ndi mmisiri wodziwa pologalamu yake. Ku Nkhata Bay kumagwa mvula yambiri ndipo mpweya ndi wachinyezi. Chitsulo chosasamalidwa sichichedwa kuchita dzimbiri. Ilala yakhala pa madzi zaka zoposa 70 chifukwa ku Monkey Bay kunali amisiri oisamalira. Makina opanda mmisiri ndi zipangizo zosinthira amasanduka chisa cha mavu. Choncho musakopeke ndi utoto wake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Funso lachisanu ndi la moyo. Pa doko, wanzeru saima pansi pa katundu wolendewera. Mkono wa m'fakitale ulibe maso oona kuti apa pali munthu. Umapita kumene unauzidwa. M'chaka cha 1979 wantchito wina anafa atamenyedwa ndi mkono wa roboti pa fakitale ya magalimoto ku Michigan. N'chifukwa chake mikono ikuluikulu imatchingidwa ndi mpanda ndipo imakhala ndi batani lofiira loimitsira mwadzidzidzi. Mtengo wa mpandawo uwerengedwe pamodzi ndi wa mkonowo.

Tsono mwini fakitale ayambe wayang'ana ntchito, makina pambuyo. Roboti imapambana pa ntchito yobwerezabwereza, yoopsa kapena yofuna kusaphonya. Kucheka makungwa a mitengo ya labala ku Vizara, kapena kuthyola tiyi ku Kawalazi, ndi ntchito zimene mtengo uliwonse umasiyana ndi unzake, ndipo diso ndi dzanja la munthu n'zovuta kuzilowa m'malo. Kusanja makatoni ofanana m'nyumba yosungira katundu ndiko kungayenere mkono wotere. Ngakhale pamenepo pali funso lina losathawika: anthu amene amadyera ntchito imeneyo adzapita kuti? Kumene katundu ndi wochepa ndipo anthu ofuna ntchito ndi ambiri, roboti ya mamiliyoni singabweze ndalama zake.

Nanga ife ophunzira? Langizo langa ndi lakuti tisankhe mkono umene tingathe kuumasula ndi kuumanganso. Poyambira sipafuna ngakhale magetsi. Pezani masirinji atsopano 8 a ku sitolo ya mankhwala, osati otoledwa ku dzala la chipatala, timapaipi ta pulasitiki, timatabwa ndi madzi. Mukalumikiza masirinji awiriawiri, mukakankha imodzi inzake imatuluka n'kusuntha mfundo. Unimate nayo inkayenda mwa njira yofanana ndi imeneyi, kungoti inkagwiritsa ntchito mafuta. Mukazolowera, onjezani ma servo 4 ndi kabolodi kotchedwa Arduino, kamene kanayambira ku Ivrea m'dziko la Italy mu 2005. Zimenezi zimayenda ndi magetsi ochepa, a batire kapena a sola, ndipo mota ikapsa mumangosintha imodziyo. Pamenepo mudzaona ndi maso anu zimene timaphunzira m'kalasi za ngodya ndi mphamvu.

Amene zidzamugwire mtima, njira ilipo: ku MUST ku Thyolo ndi ku MUBAS ku Blantyre amaphunzitsa uinjiniya. Dziko lathu silidzapindula ndi makina ogula kunja ngati palibe ana ake odziwa kuwasankha ndi kuwakonza. Tiyambe ndi sirinji ndi thabwa, anzanga; tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.