Jenereta Yopanda Utsi

Wogulitsa matemba padoko la Kachulu akalandira ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, uthengawo umayamba wakafika kutali ndi nyanja ya Chilwa, m'nyumba yodzaza makompyuta osagona usana ndi usiku. Nyumba zoterezi ndizo ma data centre. Ya boma lathu, yomangidwa ndi Huawei, inatsegulidwa ku Blantyre mu 2022. Chaka chomwecho, mu Januwale, namondwe Ana anawononga damu la Kapichira pamtsinje wa Shire, dziko n'kukhala lopereweredwa mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka.

Magetsi akathima m'ma data centre, mabatire amagwiriziza mpaka jenereta ya dizilo italira. Koma dizilo timagula ndi ndalama zakunja, ndipo mizere yake tonse timaidziwa.

Apa m'pamene fuel cell ikulowera. Ilibe pisitoni, siiwotcha kanthu. Mbali imodzi kumalowa haidrojeni, mbali inayo okosijeni wa mumpweya womwe timapumawu, ndipo pakati pali kachikopa kopyapyala kopakidwa platinamu. Haidrojeni ikakhudza platinamuyo imagawikana kukhala ma proton ndi ma electron. Ma proton amabowoleza kachikopako, pamene ma electron njira yawatsekera, motero amalambalala kudzera pawaya, ndipo ulendo wawowo ndiwo magetsi. Onse akakumana ndi okosijeni kutsidyako, chotuluka ndi madzi ndi kutentha basi. Batire imatha moto, koma iyi imangogwirabe ntchito malinga mpweya uzibwera.

Nzeruyi ndi yakale. William Grove anaionetsa mu 1839, ndipo opita kumwezi m'zombo za Apollo ankamwa madzi otuluka m'makina otere. Mu 2020 a Microsoft anayendetsa mzere wa makompyuta awo ndi haidrojeni kwa maola 48 osalekeza.

Pagona nkhani m'poti haidrojeniyo tiitenga kuti. Yambiri padziko imapangidwa kuchokera ku gasi wa pansi pa nthaka, yemwe ife sitikumba. Tingathe kuilekanitsa m'madzi ndi magetsi a sola, poti dzuwa la m'chigwa cha Chilwa silipempha ndalama zakunja, koma pofika poibwezanso kukhala magetsi, mphamvu yoposa theka imakhala itatayika. Imafunanso matanki olimba kwambiri ndi amisiri odziwa kuisamala, chifukwa siichedwa kuyaka. Ine ndikuona kuti pa kuthima kwa maola ochepa, sola ndi mabatire n'zokwanira. Fuel cell tiiganizire pa kuthima kwa masiku angapo, ndipo tiyambe ndi kuphunzitsa amisiri tisanaitanitse makinawo.