Masheleni Atatu ndi Theka: Mangawa a Asilikali Akale

Munthu wa ku Chongwe akakwera basi kulowera kumadzulo, afika mu Lusaka mmene muli Burma Road ndi kampu ya asilikali ya Arakan. Akalowera kum'mawa mu mseu womwewo wa Great East, ku Chipata apeza kampu ya Gondar. Ana a masiku ano amaitana maina amenewa osadziwa gwero lace. Gondar ali ku Ethiopia, Arakan ali ku Burma, ndipo onsewa ndi malo kumene asilikali akuda anamenyera Angelezi nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ya 1939 mpaka 1945. Pakati pao panali anyamata a Northern Rhodesia Regiment, olembedwa m'midzi ya dziko lino.

Nkhondo itatha, boma la Britain linapatsa msilikali aliyense ndalama zotsazikira, zowerengedwa molingana ndi miyezi imene anagwira nchito. Colakwa cinayambira pamenepo. Mu 1945 analamula kuti msilikali wamba wacizungu alandire masheleni 10 pa mwezi uliwonse, Mmwenye masheleni 7 ndi theka, koma munthu wakuda masheleni 3 ndi theka basi. Kopolo wacizungu anamuikira masheleni 12, wakuda masheleni 4. Cotero kopolo wathu, wolamula anzace pankhondo, sanafike ngakhale pa theka la mzungu wopanda udindo uliwonse.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Amuna awiri atumikira zaka 4, ndiyo miyezi 48. Mzungu abwerera kwao ndi mapaundi 24. Mnzace wa ku Chongwe atsika galimoto ndi mapaundi 8 ndi masheleni 8. Kodi cipolopolo ca Mjapani cinali kusankha khungu?

Mapepala oonetsa zimenezi anagona m'nyumba yosungiramo makalata a boma ku London kufikira 2019, pamene atolankhani anawaulutsa. Aphungu ena a m'Nyumba ya Malamulo ya Britain anapempha kuti boma lao lifufuze, lipepese ndi kulipira otsala amoyo. Yankho linadza caka comweco, lakuti boma linalibe maganizo ofufuza nkhaniyo.

Sitinganene kuti panalibe cocitika konse. Mu November 2018 Britain analengeza thandizo la mapaundi pafupi-fupi 12 miliyoni, lopita kudzera m'bungwe la Royal Commonwealth Ex-Services League, kuti asilikali akale osauka ndi akazi amasiye m'maiko a Commonwealth azidya kawiri pa tsiku. Nkhalamba yanjala singakane nsima, ndipo amene analandira anathokoza. Koma thandizo lotere ndi mphatso, ndipo wopereka mphatso aleka tsiku limene wafuna. Masheleni 6 ndi theka amene anadulidwa mwezi uliwonse ndi mangawa, ndipo mwini wace ali nayo mphamvu yowafunsa. Mu April 2021 nduna ya za citetezo, a Ben Wallace, inapepesa m'Nyumba ya Malamulo cifukwa ca asilikali akuda ndi Amwenye a nkhondo yoyamba amene maina ao sanalembedwe pamanda. Za ndalama za amoyo, zii.

Kuti boma lingathe kukonza colakwa cotere, taona ku France. Mu 1959 dzikolo linaika lamulo loimitsa penshoni ya asilikali ocokera m'maiko amene linali kulamulira, kuti isakwerenso, pamene ya Afalansa inali kukwera caka ndi caka. Mu May 2010 bwalo lalikulu loona za malamulo a dzikolo linagamula kuti tsankho limeneli n'losaloledwa, ndipo kuyambira January 2011 penshoni inalinganizidwa. Panali patapita zaka zoposa 50, ambiri ali m'manda. Ndiponso kuti alandire zonse, msilikali kapena mkazi wace wamasiye anayenera kupempha yekha ndi kuonetsa umboni.

Mfundo ya umboniyi ndiyo ikhudza ife. Mnyamata amene analembedwa usilikali mu 1943 ali ndi zaka 18 anabadwa mu 1925, ndipo anzace a msinkhu umenewo atsala owerengeka m'dziko lonse. Nkhani tsopano ili m'manja mwa amai amasiye, ana ndi adzukulu. Ngati m'nyumba mwanu muli buku limene agogo analandira potuluka usilikali, kapena mendulo, kapena kapepala kalikonse kokhala ndi nambala yao, musasunge kudenga kumene kuli ciswe ndi utsi. Nambala imeneyo ndiyo imene akalaliki amafunira dzina la munthu m'mabuku a asilikali. Jambulitsani mapepalawo, ena musunge kwa mbale wina.

Kungakhale bwino a nyakwawa m'dziko la Amfumu Nkomeshya Mukamambo II atalemba maina a amuna onse a m'midzi yao amene anapita ku nkhondoyo, amoyo ndi akufa omwe, pamodzi ndi maina a akazi ao otsala, ndi kupereka mndandandawo ku ofesi ya boma ku Chongwe.