Mwamuna Msilikali, Mkazi Msilikali: Akhala Kuti?

Msilikali sasankha kokhala. Kalata yomusamutsa ikafika amangomanga katundu, ndipo mkazi ndi ana amatsata pambuyo. Nanga zimatha bwanji ngati mkaziyo nayenso ndi msilikali, ndipo kalata yake yamutumiza kwina? Funso limeneli lasautsa akuluakulu a nkhondo a dziko la America, kumene asilikali amasamutsidwa kaŵirikaŵiri pakangopita zaka ziŵiri kapena zitatu.

Kale vutoli silinali kumveka, popeza akazi a usilikali anali oŵerengeka, ndipo amene watenga pakati ankachotsedwa ntchito. Zinthu zinasintha mu 1973, pamene boma linaleka kulemba anyamata usilikali mokakamiza ndi kuyamba kudalira odzipereka okha. Akazi analoŵa ambiri, ndipo mu 1975 unduna wa zachitetezo unalamula kuti asamachotsedwenso chifukwa cha pakati. Motero maukwati a asilikali okhaokha anachuluka.

Mu 1983 gulu la nkhondo la pamtunda linakhazikitsa dongosolo lotchedwa Married Army Couples Program. Aŵiriwo akalembetsa ukwati wawo, nthaŵi ya msamuko wa mmodzi ikakwana akuluakulu amayang'ananso dzina la mnzake, kuti ngati n'kotheka awatumize pamodzi. Komatu mawu akuti "pamodzi" apa satanthauza bwalo limodzi. Malo awo a ntchito akhoza kutalikirana mpaka mamailosi 50, kapena ulendo wa ola limodzi pa galimoto, malinga ngati onse angathe kugona m'nyumba imodzi.

Chovuta chenicheni ndi malo a ntchito. Msilikali aliyense ali ndi luso lake ndi udindo wake, ndipo amatumizidwa kokha kumene kuli mpando wopanda munthu woyenerana naye. Mwamuna wokonza ndege za helikopita ndi mkazi namwino afunika mipando iŵiri yotere, pamalo amodzi, nthaŵi imodzi. Akali a maudindo aang'ono mipandoyo imapezeka. Akamakwera imachepa, chifukwa akuluakulu sakhala ambiri pamalo amodzi. Zimavuta koposa ngati ali m'magulu osiyana. Mkazi wa gulu la pamadzi ntchito yake ili kumadoko monga Norfolk kapena San Diego, pamene mwamuna wa gulu la pamtunda akhoza kufunidwa ku Fort Riley m'chigawo cha Kansas, pakatikati pa dziko, kumene sitima ya pamadzi siingafike.

Malamulo sabisa kuti zofuna za gulu la nkhondo ndizo zimayamba. Akuluakulu amalonjeza kuyesetsa, osati kukwaniritsa. N'chifukwa chake mabanja ambiri amakakamizika kusankha okha chinthu chowawa: kukhala motalikirana kuti onse akwere pa ntchito, kapena mmodzi kuvomera mpando wosamupititsa patsogolo kuti banja lisagaŵikane. Ena amangovula yunifolomu nthaŵi imene anasainira ikatha.

Ngakhale amene apatsidwa nyumba imodzi mtima sukhala pansi, pakuti onse aŵiri akhoza kutumizidwa kunja nthaŵi imodzi, kapena wina pofika kunyumba mnzake n'kukhala akunyamuka. Pa chifukwa ichi, banja lotere likakhala ndi ana limalamulidwa kulemba chikalata chotchula munthu amene adzalere anawo makolo atachoka, kaŵirikaŵiri agogo kapena azakhali, pamodzi ndi ndalama zowasamalira. Msilikali wolephera kusunga chikalata chimenechi akhoza kuchotsedwa ntchito.