Masewera olimbitsa thupi amathandiza katemera, koma sangalowe m'malo mwake

Ambiri mwa ogwira ntchito m'boma amaswera pampando mu ofesi, ndipo akaweruka amakwera galimoto kapena minibasi mpaka kunyumba. Kafukufuku amene akatswiri a zaumoyo akhala akuchita kwa zaka zoposa 40 akusonyeza kuti moyo wongokhalawu umakhudza chitetezo cha m'thupi, kuphatikizapo momwe thupi limapindulira ndi katemera.

Munthu akamayenda ndawala, kuthamanga kapena kupalasa njinga, mtima umagunda mofulumira ndipo asilikali a m'thupi amachuluka m'magazi. Akapuma, ambiri mwa asilikaliwa amapita m'mapapo, m'matumbo ndi m'ziwalo zina momwe tizilombo timakonda kulowera. Kuonjezera apo, masewera amachepetsa kunenepa kwambiri, matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, omwe ndi mavuto amene anachititsa kuti anthu ambiri adwale mwakayakaya nthawi ya mliri wa Covid-19.

Mu 2021, madokotala a bungwe la Kaiser Permanente ku California m'dziko la America anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu akuluakulu 48,440 amene anapezeka ndi Covid-19. Iwo anapeza kuti kwa anthu amene sankachita masewera, chiopsezo chogonekedwa m'chipatala kapena kumwalira chinali choposa kawiri poyerekeza ndi amene ankachita masewera mphindi 150 sabata iliyonse.

Pa nkhani ya katemera, umboni wina unachokera ku South Africa mu 2022. Akatswiri anaunika ogwira ntchito zachipatala amene analandira katemera wa Johnson & Johnson, yemwenso anaperekedwa kuno ku Malawi. Mwa amene ankachita masewera pang'ono, katemerayu anachepetsa chiopsezo chogonekedwa m'chipatala ndi 60 peresenti. Mwa ochita masewera mwapakatikati anachepetsa ndi 72 peresenti, pomwe mwa ochita kwambiri anachepetsa ndi pafupifupi 86 peresenti.

M'chaka chomwecho, akatswiri a pa Iowa State University ku America anapeza kuti anthu amene anayenda, kuthamanga pang'onopang'ono kapena kupalasa njinga kwa mphindi 90 atangobayitsa katemera wa chimfine kapena wa Covid-19 anali ndi ma antibody ochuluka patatha masabata anayi kusiyana ndi amene anangokhala. Ma antibody ndi zida zimene thupi limapanga kuti lizindikire ndi kugonjetsa kachilombo.

Komabe zotsatirazi n'zofunika kuzimvetsa bwino. Kafukufuku wa ku California ndi wa ku South Africa anangoyerekeza magulu a anthu malinga ndi momwe ankakhalira kale, ndipo anthu okonda masewera nthawi zambiri amadyanso bwino ndi kupewa fodya. Wa ku Iowa anachitika pa anthu ochepa. Chachikulu n'chakuti ku South Africa ngakhale amene sankachita masewera kwenikweni anatetezedwa ndi katemera. Masewera amangoonjezera pa chitetezo chimene katemera wapereka.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu amadwalanso matenda amene anadwalapo kale? Zifukwa zikuluzikulu ndi ziwiri. Choyamba, ma antibody amachepa m'magazi miyezi ikamapita. Chachiwiri, tizilombo tina timasintha maonekedwe, moti thupi limavutika kutizindikira. Izi ndi zomwe zinachitika ndi mtundu wa Omicron, umene akatswiri a ku South Africa ndi Botswana anaulengeza mu Novembala 2021 ndipo unagwira anthu ambiri amene anadwalapo kale. N'chifukwa chakenso katemera wa chimfine amakonzedwanso chaka ndi chaka. Masewera sangaletse kachilombo kusintha kapena kulowa m'thupi. Phindu lake lalikulu lili pochepetsa kukula kwa matenda munthu akatenga kachilomboko.

Pakhalanso mtsutso wokhudza masewera opyola muyezo. Pa mpikisano wa marathon wa ku Los Angeles mu 1987, katswiri David Nieman anapeza kuti othamanga 13 mwa 100 alionse anadwala chimfine kapena chifuwa m'sabata yotsatira, pomwe mwa amene anakonzekera koma osathamanga anali awiri okha mwa 100. Mu 2018, akatswiri a pa University of Bath ku Britain anatsutsa maganizo oti masewera amphamvu amafooketsa chitetezo. Iwo anati kuthithikana kwa anthu, maulendo ataliatali ndi kusagona mokwanira ndi zomwe zingachititse matendawo. Chimene madokotala amagwirizana n'chakuti munthu amene watentha thupi, akumva kupweteka pachifuwa kapena akubanika ayenera kupuma ndi kukaonana ndi dokotala, chifukwa tizilombo tina timatupitsa minofu ya mtima.

Malangizo amene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2020 amati munthu wamkulu azichita masewera apakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena amphamvu kwa mphindi 75 mpaka 150, komanso olimbitsa minofu masiku awiri pa sabata. Ana a zaka 5 mpaka 17 amafunika mphindi 60 patsiku.

Kuyenda ndawala mphindi 30 kwa masiku asanu kumakwaniritsa mlingo wochepetsetsawu. Kulima, kupalasa njinga ndi kusewera mpira wamiyendo kapena wamanja kumawerengedwanso. Akuluakulu a maunduna ndi makhonsolo angathandizepo popatula nthawi ya masewera kwa ogwira ntchito awo, kwinaku akuwalimbikitsa kulandira katemera aliyense amene a zaumoyo alangiza.